Tebulo la Che Twaibu

Amalume anga Che Twaibu anatisiya mvula yoyamba itangogwa, ndipo sabata yathayi tachita sadaka yawo. Anthu anabwera ochuluka kuposa amene tinkayembekezera, Asilamu ndi Akhristu omwe, ena kuchokera ku Songani, ena mpaka ku Malosa. Mpunga unalipo wokwanira, mbuzi zinaphedwa, palibe anganene kuti tinaumira. Koma ndinene mosapsatira, chakudyacho chinagawidwa mwachisawawa. Wina analandira kawiri, wina anadya mpunga wopanda ndiwo, ndipo gogo wina wosaona bwino anakhala pansi pa mtengo wa mango mpaka mapoto anayamba kutsukidwa wina asanamukumbukire. Nditaona zimenezo m'pamene ndinalira kwenikweni, kuposa tsiku la maliro lija. Mwini wake akanakhalapo, tonse ophikafe tikanaona zakuda.

Ine ndine Asiyatu, mwana wa mlongo wawo. Za ine palibe zambiri zoti ndinene, kupatula kuti ukwati wa mwana wanga Yusufu unatsala pang'ono kufa chifukwa cha amalumewa, ndipo unatsitsimuka chifukwa cha iwo omwewo.

Anali aatali, owonda, a kofiya yoyera, ndipo pa mkono wawo wamanzere pankakhala kansalu koyera kopindidwa bwino. Kansaluko sikankachoka ngakhale akupita kudimba. Poyenda sankamveka. Umangozindikira kuti aima kale pambali pako, akuyang'ana mmene ukupakulira, ndipo akatsokomola pang'ono umadziwa kuti penapake walakwitsa. Ali mnyamata anapita ku Joni monga anzawo ambiri, koma m'malo motsikira mumgodi anakathera ku Durban, kutsuka mbale mu hotela. Kuchoka apo analowa m'sitima zikuluzikulu za pa nyanja yamchere, zija zonyamula anthu olemera amene amalipira kuti azingoyandama, kudya ndi kuona maiko. Anakhalamo mpaka imvi zinatuluka, ndipo posiya ntchito anali mkulu wa operekera zakudya onse. Ife a mbumba yawo tinkayembekezera kuti abwera ndi galimoto, kapena chigayo. Anabwera ndi kabelu, mafoloko, ndi mutu wodzaza malamulo.

Atangofika anauza mmisiri wina wa pa Songani kuti awakhomere tebulo la mlombwa, lolemera moti polinyamula anthu anatuluka thukuta, n'kuliika pakhonde. M'mudzi wodyera pamkeka, tebulo la pakhondelo linaseketsa anthu nyengo yonse. Iwo analibe nazo kanthu. Akabwera ku mzikiti kopemphera swala ya masana ankaliza kabelu kaja, ndipo aliyense wa pakhomopo ankadziwa mpando wake. Ukachedwa sankakukalipira, ankangokufunsa mwaulemu ngati sitima yako inakumana ndi mphepo m'njira. Funso limenelo linkapweteka kuposa chikoti.

Malamulo awo onse ankachokera m'sitimamo, ndipo tinawamva kambirimbiri moti ena tinkawalota. Ankati tsiku lokwera, mlendo aliyense ankapatsidwa tebulo lake, mpando wake ndi nthawi yake yodyera, ndipo sizinkasintha mpaka ulendo utatha. Anzake a patebulo anali omwewo, womuperekera anali yemweyo. Kwa amalume, mankhwala onse a dziko lapansi anali pamenepo. Ankati anthu osadziwana ukawakhazika pamodzi, tsiku loyamba amangoyang'ana m'mbale, kenako amayamba kupatsirana mchere, kenako amakangana, ndipo pomatsika amakhala akulira. Ankanenanso kuti mlendo akadwala chifukwa cha mafunde, malo ake ankakonzedwabe, mpando wake sunkakhalidwa, ndipo chakudya chake ankachivundikira n'kumupititsira kuchipinda. Munthu wodziwa kuti mpando wake ukumudikira, iwo ankati, amachira msanga.

Posakhalitsa panalibe ukwati kapena sadaka kuno ku Domasi yochitika popanda iwo. Ankafika tsiku loti mawa mwambo, manja kumbuyo, kuyendera bwalo lonse ngati akugula malowo. Ankadziwa amene sayenera kuyang'anizana ndi mkazi mnzake, amene samva bwino ndipo ayenera kukhala pafupi ndi olankhula, amene mano anatha ndipo afunika nyama yofewa. Ife azimayi ophika tinkakangana nawo nthawi zonse, chifukwa poto wa mayi si wolowererapo mwamuna, koma ankatigonjetsa ndi chinthu chimodzi: pa mwambo wawo palibe ankabwerera ndi njala. Eni ake ankadya pomalizira, ataimirira, chakudya chitazizira. Mwezi wa Ramadhani ukafika ankakondwa kwambiri. Ankati taonani, ngakhale Mwini zonse anakonza kuti anthu ake azimasula nthawi imodzi, osati aliyense payekha.

Ndiye mutha kuona mmene anayendera monyada Yusufu atapeza ntchito m'sitima za mtundu womwewo. Anauza aliyense pa Songani, ngakhale amene sanafunse. Kunyadako kunatha tsiku limene mnyamatayo anabwera pa tchuthi chake choyamba n'kukhala pa tebulo lija.

"Ambuje, zinthu zinasintha," anatero Yusufu. "Masiku ano alendo ambiri amadya nthawi imene afuna. Wina wachedwa kumtunda kokaona malo, wina ali ndi ana ofuna kugona msanga. Amangofika pakhomo, ife n'kumupezera tebulo limene lilipo."

Amalume anaika foloko pansi. "Ndiye mawa akhala ndi ndani?"

"Ndi aliyense. Kapena yekha, akafuna."

"Nanga akapanda kubwera, adziwe ndani?"

"Kompyuta imadziwa, ambuje."

"Kompyutayo imamupititsira supu kuchipinda?"

Yusufu anaseka, koma sanagonje. Anati njira yakaleyo ilipobe kwa amene aifuna, kungoti munthu amasankha yekha. Kenako anafunsa funso limene linazizitsa pakhonde ponse.

"Nanga ambuje, munthu akafika mochedwa, wanjala, n'kupeza mpando wopanda munthu, inu mumatani naye?"

Amalume anangoti kudya kotero ndi kwa pa depoti ya basi, n'kupempha madzi osamba m'manja. Yusufu anafunsa mosadziwa, koma akuluakulu tonse tinadziwa pamene funsolo linabaya, chifukwa nkhani ya a Namakhwa inali isanaiwalike.

A Namakhwa ndi mlimi wa mpunga wa kufupi ndi Mishoni, mkulu wa mpingo, wa mtundu wa Alomwe amene makolo awo anachokera ku Mozambique. Ndi aafupi, a mawu aakulu, ndipo akanena chinthu sabweza. Kalekale, Yusufu akadali kumsana, kunali ukwati m'mudzi wina ndipo wokonza malo anali amalume. A Namakhwa anachedwa, popeza tsikulo inali nthawi yawo yothirira kumunda. Atafika anaona mpando wopanda munthu pansi pa chisakasa, anakhalapo, anasamba m'manja, mtsikana wina anawapatsa mbale. Atangoika mpunga woyamba m'kamwa, amalume anatulukira pambali pawo ndi kansalu kaja. Anawauza mwaulemu ndithu, koma anthu onse akumva, kuti mpandowo uli ndi mwini wake. A Namakhwa anaimirira, anaika mbale ija pampandopo, n'kunena kuti pamene pakuperekera Twaibu iwo sadzadyaponso. Choipitsitsa n'chakuti mwini mpandoyo sanabwere n'komwe. Mbale ija inakhala pamenepo tsiku lonse, ntchentche zikuchita phwando.

Zaka zinadutsa, ana anabadwa n'kukula, a Namakhwa osabweza mawu. Akaitanidwa ku mwambo ankafunsa kaye kuti akuperekera ndani. Amalume nawo anaumirira kuti lamulo ndi lamulo. Koma ine ndinaona chinthu chimodzi. Munthu amene ankakonda kufotokoza ukwati uliwonse umene anakonzapo, za ukwati umenewo sanazitchulepo ngakhale kamodzi.

Ndiyeno chikondi, chimene sichifunsa za mipando, chinagwira Yusufu ndi Esinati, mphunzitsi wa ku pulayimale. Esinati anali mwana wa mlongo wawo wa a Namakhwa, ndipo mayi ake atamwalira anamulera ndi iwowo. Anthu ankaganiza kuti vuto likhala chipembedzo, koma zimenezo akuluakulu anakambirana n'kumvana. Ankhoswe athu atapita, a Namakhwa anawalandira bwino. Anati mnyamatayo alibe naye chifukwa, ndi waulemu, ndi wolimbikira. Koma ukwati ndi kudyera pamodzi, ndipo iwo ndi mbumba ya Twaibu sadyera pamodzi. Esinati analira, koma ananena poyera kuti sangakwatiwe amene anamulera atatembenukira kumbali. Anauzanso Yusufu kuti akabwerera kunyanja nkhaniyo isanathe, asamusiye akudikira chinthu chopanda mutu, aliyense aone njira yake. Tchuthi chinali kutha, ndipo sitima siidikira munthu. Mwana wanga anasiya kudya. Ankangokhala kuseri kwa nyumba, foni m'manja, kolala ya malaya ikukulirakulira.

Ndinapita kwa amalume nditapsa mtima, ulemu wonse nditausiya kunyumba.

"Amalume, mwanayu akutha chifukwa cha mpando. Pitani mukapepese."

"Ndikanene chiyani?"

"Mukanene kuti munalakwa, basi. Pakamwa pathyoka?"

Amalume anati munthu amene unamuchotsa pa chakudya sungamukhutitse ndi mawu. Anandiuza kuti mawa ndiphe nkhuku, ndiphike mpunga wonunkhira uja, ndipo ndisachedwe.

Mawa lake anakonza tebulo okha. Moyang'anizana ndi mpando wawo anaika mpando wina, mbale, kapu, foloko ndi supuni. Analiza kabelu, tonse tinakhala, mpando uja uli wokha. Anadikira akuyang'ana kunjira mpaka msuzi unayamba kugwirana. Kenako anapakula ntchafu ndi chiwindi, anavundikira mbaleyo ndi inzake, anaimanga m'nsalu n'kundipatsa.

"Mlendo wathu wadwala mafunde," anatero. "Kamupatse, ndipo ukanene kuti mpando wake ulipo."

Ndinkafuna nthaka itang'ambika. Mayi wamkulu ngati ine, kuyenda dzuwa lili paliwombo, kudutsa m'minda ya mpunga ndi mbale pamutu, kupita kwa munthu amene watikana. Ndinawapeza a Namakhwa akusoka thumba pansi pa mtengo. Ndinagwada, ndinapereka moni, ndinanena uthengawo. Sanadzutse mutu. Koma akazi awo, mayi Feliya, anatuluka m'khitchini n'kulandira ndi manja awiri, chifukwa chakudya chofika pakhomo sichibwezedwa. Anakhuthula, anatsuka mbale zija, kenako anaima pang'ono akuganiza. Kwathu kuno mbale ya mnzako suibweza yopanda kanthu. Analowa m'nyumba n'kuthiramo mtedza.

Ena amati amalume anakonzeratu zonsezi. Ine ndinalipo, ndipo ndikukana. M'sitima mbale ya wodwala inkabwerera yakuda kapena yosakhudzidwa, ndipo iwo ankayembekezera chimodzi mwa ziwirizo. Nditamasula nsalu n'kuona mtedzawo, anauyang'ana ngati sanaonepo mtedza chibadwire. Kenako anayamba kuseka, anaseka mpaka kutsokomola, mpaka kupukuta misozi ndi kansalu kawo kaja.

"Mawa uphike nyemba ndi matemba," anatero. "Tayamba kudyera pamodzi, mwini wake asakudziwa."

Zinapitirira choncho tsiku ndi tsiku. Kabelu, mpando wopanda munthu, kudikira, ine ulendo. Pobwerera m'mbale munkakhala nandolo, tsiku lina mbatata, tsiku lina mazira, ndipo chilichonse amalume ankachiika pakati pa tebulo n'kulengeza kuti ichi chachokera kwa a Namakhwa. A Namakhwawo sankalawa chathu, amene ankadya anali akazi awo ndi adzukulu. Koma nkhani inali itafala. Azimayi oingitsa mbalame m'minda ankandikuwira kuti lero mwanyamula chiyani, amake Yusufu, ndipo pobwerera ankafuna kuona chimene chabwezedwa. Manyazi anga anatha, ndinayamba kuyenda ngati wonyamula mbendera.

Tsiku lina shehe wathu anafika nthawi ya chakudya n'kulunjika pa mpando uja. Amalume anathamanga, munthu wokalamba chotero, n'kuugwira shehe asanakhale. Anawapepesa, n'kuwapatsa mpando wawo womwe, iwo n'kudya ataimirira. Shehe anaseka kwambiri, ndipo ndi iwo amene anakafalitsa nkhaniyi pa Songani, kuti pakhonde la Che Twaibu pali mpando wa mkulu wa mpingo umene ngakhale shehe saloledwa kukhalapo. Madzulo ake mawuwo anali atafika kale ku Mishoni.

Kenako mayi Feliya anatumiza kalongonda. Amene amaidziwa nyemba imeneyi akudziwa kuti siiphikidwa mwamasewera. Imawira tsiku lonse, madzi akutayidwa n'kuthira ena, ndipo ikapanda kupsa bwino imazunguza mutu. Sapatsa munthu wamba, ndipo wolandirayo amayenera kukhulupirira dzanja la wophika. Amalume anali asanaidyepo. Ena pakhomopo anawanong'oneza kuti asamale, pakati pa mabanjawa pali mawu. Iwo anakokera mbaleyo pafupi, anatchula dzina la Mulungu, n'kudya yonse ndi foloko, anthu odutsa m'njira akuona.

Komabe a Namakhwa sanabwere, ndipo masiku a Yusufu anali atatsala owerengeka. Chikwama chake chinali chitatsitsidwa kale. Ine mtima unali m'mwamba, ndinayamba kuganiza kuti tangodyetsa mudzi wa eni pachabe. Tsiku limenelo nditafika ndi mbale, mayi Feliya anailandira, koma m'malo molowa m'khitchini anapita kukaima pamaso pa amuna awo, ine ndikumva.

"Bambo, mtedza watha, nandolo watha, nkhuku zasiya kuikira. Ine mbale ya eni sindibweza yopanda kanthu, amayi anga sanandiphunzitse choncho. Mawa ndiikamo tambala wanu uja."

"Tambala wanga walakwa chiyani?"

"Nanga Esinati walakwa chiyani?"

A Namakhwa anabaya singano m'thumba lija mwamphamvu. Anati mawa apita okha akamuuze Twaibu kuti asiye masewerawa.

Ndinathamanga njira yonse. Amalume atamva sanasinthe nkhope, anangondiuza kuti ndichape kansalu kawo ndi kukasita.

Mawa lake kabelu katangolira, tinawaona a Namakhwa akubwera m'njira, atavala jekete la kutchalitchi, ndodo ikugunda pansi mwaukali. Kuseri kwa mpanda wathu kunali kutadzaza azimayi amene mwadzidzidzi onse anafuna kudzabwereka mchere. Yusufu anaima pakhomo la nyumba. A Namakhwa anafika pa masitepe a khonde n'kuima pomwepo.

"Che Twaibu, ndabwera kudzakuuzani kuti musiye. Mwandithera zakudya m'nyumba."

"Ndamva, a Namakhwa. Khalani kaye."

Amalume anali atakokera kale mpando uja kumbuyo, ataugwira ndi manja awiri. A Namakhwa anauyang'ana, n'kuyang'ana amalume.

"Ndikakhala, mundidzutsanso?"

Ngakhale a mchere aja anasiya kunong'ona. Amalume anawayang'ana m'maso.

"Ndinakudzutsani chakudya chili m'kamwa, chifukwa cha munthu amene sanabwere n'komwe," anatero. "Ndinalakwa tsiku limenelo, ndipo ndakhala ndikudziwa zaka zonsezi. Uwu ndi wanu. Wokudzutsani apa ndi Mulungu yekha."

Atatero anachita chinthu chimene sindidzaiwala. Anatenga beseni ndi jagi m'manja mwanga, n'kugwada. Mwini mbumba, wamkulu kuposa mlendoyo, mawondo akulira ngati chitseko chakale, anagwada pa dothi monga amachitira mtengwa. A Namakhwa anasowa pogwira. Anakwera masitepewo msangamsanga kuti awadzutse, amalume anakana kudzuka, ndipo njira yokha yowadzutsira inali kukhala pampando n'kutambasula manja. Anakhala. Madzi anathiridwa.

Mpunga utapakulidwa, a Namakhwa anatola foloko ija ndi zala ziwiri n'kuikankhira kutali.

"Izi ayi. Ine ndimadya ndi dzanja limene linalima mpungawu."

Amalume anayang'ana foloko yawo, imene anali asanaisiyepo chibwerere kunyanja. Anaiika pambali, n'kupinda mkono wa malaya. Akuluakulu onse awiriwo anadya ndi manja, amalume mpunga ukuwagwera pa ndevu chifukwa dzanja linali litaiwala ntchito. Chapakati a Namakhwa anapempha mchere, amalume n'kuwapatsira. Atamaliza, a Namakhwa anatembenukira kukhomo kumene kunaima Yusufu.

"Iwe, ankhoswe ako abwere mawa m'mawa. Ndipo udye, wawonda ngati bango. Mwana wanga sakwatiwa ndi bango."

Nthungululu zimene zinaphulika kuseri kwa mpanda zinadzutsa mbalame m'minda yonse. Ine ndinavina pakhonde pomwepo ndi chikombe m'manja, osasamala kuti pali akuluakulu. Sindinakondwepo chotero m'moyo wanga, ngakhale tsiku limene ndinabereka Yusufuyo.

Ukwati unakonzedwa mothamanga, ndipo mkangano wakale wa agogo ndi mdzukulu unadzukanso. Inali nyengo yoingitsa mbalame, anthu sakanatha kusiya minda onse nthawi imodzi. Yusufu anati pakhale mbali ina imene munthu angafike nthawi iliyonse, kulandira mbale, kudya n'kubwerera kumunda kuti mnzake abwere. Amalume anatchulanso za depoti ya basi. Koma tsiku loti mawa ukwati tinawaona akuyendera bwalo, manja kumbuyo, kenako analamula kuti pansi pa mitengo paikidwe mabenchi opanda mwini, ndipo poto mmodzi asachoke pamoto mpaka dzuwa litapendeka. Akuluakulu anakhala pa matebulo, aliyense pa malo ake, a Namakhwa pakati penipeni akuperekeredwa ndi amalume eni ake. Ochedwa onse, amatope m'miyendo, ankafikira pa mabenchi aja n'kudya mokhuta. Wina atayamikira mabenchiwo, amalume anayankha mosaphethira kuti nzeru imeneyo anaiganiza okha kalekale. Yusufu anatsegula pakamwa, ine n'kumuponda phazi.

Mpaka lero anthu akafuna kuyamikira mwambo amauyerekeza ndi ukwati umenewo. Yusufu anakwera basi ya ku Blantyre ali mwamuna wa mwini, atanenepa pang'ono. Pambuyo pake anandiuza pa foni kuti m'sitima mwawo, mlendo wokalamba woyenda yekha akapanda kuoneka, iye amapita kukafunsa, ngakhale kuti si ntchito yake. Nditawauza amalume, anangoti mwanayo ayamba kukhala wetala, woperekera zakudya weniweni.

A Namakhwa sanasiyenso kubwera. Loweruka lililonse ankatulukira kabelu kasanalire, ndipo akuluakulu awiriwo ankakangana za chilichonse, za feteleza, za mpira, za amene ali ndi njira yachidule yopita kumwamba. Palibe anagonjapo. Esinati atabereka mwana wamkazi, anakangananso za amene mwanayo wafanana naye, mpaka mayi Feliya anawauza kuti mwana wokongola chotero sangafanane ndi aliyense wa iwo.

Atayamba kufooka, amalume anandiitana n'kunena kuti tebulo lisadzagawidwe ndi katundu wina, lidzapite kwa Esinati. Sadaka itatha talinyamula. Amuna analisenza kudutsa m'minda ija, a Namakhwa ali patsogolo ndi ndodo yawo, akukalipira aliyense amene wapendeketsa, akulozera pamene pali matope. Anthu anaima m'minda kuonerera, ena akuwomba m'manja. Tsopano lili kufupi ndi Mishoni, ndipo mwana uja akuphunzirira kuima pogwira mwendo wake.

Khonde latsala lalikulu modabwitsa. Sindinkadziwa kuti ndi lotakata chotero. Nkhuku zimene kale zinkaopa kukwerapo tsopano zimagona pakati penipeni, ndipo masana dzuwa limafika mpaka pachitseko. Pamene panali miyendo ya tebulo patsala maenje anayi. Dzulo ndinabwera ndi dothi kuti ndizire, ndipo nditagwada m'pamene ndinaona zimene tebulo linkabisa. Mbali ya kukhoma dothi linakumbika n'kusalala pamene pankaponda mapazi a amalume zaka zonsezi. Moyang'anizana napo pali malo ena okumbika, aang'ono, osazama kwenikweni, pamene zidendene za munthu wamfupi zinkagunda pansi akamakangana.

Maenje a miyendo aja ndinawatseka. Ndinazira khonde lonse mpaka kumasitepe, koma malo awiriwo ndinawalambalala.